Chigamba cha Pansi pa Njinga ya Bambo

Kaliyeka, Lilongwe
9 Malichi 2024

Wokondedwa Golden,

Ndikhulupirira uli bwino kufamu kwakoko. Ife kuno tilipo. Amayi ayamba kudyako pang'ono, ana anga abwerera kusukulu. Foni yako ndaiyesa mpaka chala kutopa, sikupezeka, ndiye ndati ndilembe ngati kale. Kalatayi ndapatsira a Ayman, omwe aja unawapatsira katundu wathu. Akuti lole yawo imaima pashopu ya pafupi ndi famu yanuyo.

Kainjini koika panjinga kaja unagulira bambo kanafika titawaika kale m'manda. Ndinatsegula katoniyo ndekha, ndinalira, kenako ndinaikankhira kunsi kwa bedi. Patapita masabata, Mayi Zipora, eni bekale ya ku Biwi komwe bambo ankatenga buledi, anandiitanitsa. Anafunsa ngati pakhomo pano pali munthu amene angapitirize kuperekera buledi m'maokala a bambo aja. Ndinati alipo, ndine. Iwo anaseka, ine sindinaseke.

Poyamba ndinkapalasa njinga ya bambo. Kawale, Area 23, kenako Chinsapo, makireti ali phamphu pakaliyala. Pofika ku Chinsapo ndinkapeza anthu atamwera kale tiyi mbatata. Mpamene ndinakumbukira za kunsi kwa bedi zija. Makaniko wa pamsika anamangirira kainjiniko pakati pa felemu, kathanki pamwamba. Kamalira ngati chigayo chaching'ono, moti agalu onse a m'Kaliyeka akundidziwa, koma buledi akufika anthu asanatereke madzi.

Ndiye Lachiwiri lapitali apolisi apamsewu anandiimitsa. Ine ndimvekere, "Bwana, iyitu ndi yakapalasa, taonani mapedulo." Wapolisiyo, mayi mnzanga, anangoloza kathanki n'kufunsa kuti, "Nanga umu mumathiramo thobwa?" Anandifotokozera bwinobwino kuti njinga ikaikidwa injini yasiya kukhala yakapalasa. Iyenera kuyezedwa, kulembetsedwa, kukhala ndi nambala ndi inshulansi, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi ndi chipewa choteteza mutu. Anandichenjeza kuti akadzandipezanso chonchi, njinga idzatsala m'manja mwawo.

Ine ndatsimikiza, ndiilembetsa. Unditumizire lisiti la kusitolo komwe unagula injini, payenera kukhala nambala yake. Mapepala ake a pachipata cha m'malire, a Ayman andipatsa kale. Sindinaiwale kuti tsiku logawa katundu wa malemu, abambo aakulu a Weston anati njinga ndi yako. Ndikungoigwiritsa ntchito, siitha.

Ndine mlongo wako,
Eneless

Kufamu, Limpopo
3 Epulo 2024

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti amayi akudya. Muwauze kuti ndili bwino. Foni inagwera m'ngalande yothirira malalanje, ina ndigula tikamaliza kukolola.

Achemwali, ndinene zoona, kalata yanu yandiwawa. Maliro a bambo sindinawaone. Inu munawasambitsa nawo m'chipatala, munaponya dothi. Ine uthenga unandipeza ndili pamakwerero, ndikuthyola malalanje a munthu, ndipo ndinamaliza mzere wonsewo chifukwa kapitawo anali pomwepo. Nditamva kuti njinga andipatsa ine, mtima unatsikako. Ndinati tsiku limene ndidzabwere ndidzaipeza mmene anaisiyira, ndidzagwire mahandulo pomwe ankagwira iwo. Lero mukundiuza kuti mwaikoloweka thanki ndipo ikununkha petulo.

Injini ija ndinagula chifukwa cha maondo a bambo. Iwo kulibe, ndiye itengeni ikhale yanu, lisiti ndi limeneli ndaika m'kalatamu. Koma mupeze njinga ina muimangepo. Ya bamboyo muipukute, muipachike kuchipinda. Ndipo ngati mukufuna kuthamangadi, anzanga kuno akuti mapedulo amangolemeretsa, achotseni pa inayo, injini aitsegule iwonjezere mphamvu.

Chinanso, msewu wa ku Chinsapo ndimaudziwa, maminibasi ake sasiyira munthu malo. Ntchito imeneyi simungapatse mnyamata wina?

Ndine mlongo wanu,
Golden

Kaliyeka
24 Epulo 2024

Golden,

Moni kuchokera kwa tonse. Lisiti lafika, zikomo. Koma malangizo akowo ndawawerenga n'kuwapinda.

Njinga ina ndiitenga kuti? Ndipo zatsopano zimene zadzaza m'masitolomu ukaziika makireti zimapindika ngati waya. Ya bambo ndi chitsulo chenicheni. Za mnyamata wina usanenenso. Mnyamata amene akanagwira ntchitoyi ali ku Limpopo, akuthyola malalanje. Za anzako ochotsa mapedulo, uwauze kuti kuno petulo amasowa, munthu amagona pamzere. Tsiku lotero ine ndimangopalasa n'kuwadutsa.

Tamva zimene ndachita. Kainjini ndakamasula kaye, ndikupalasa, ndimakabwezeretsa tsiku lopita kokayezetsa lokha. Madzulo ndikuphunzira zizindikiro za pamsewu. Buku lake ndinabwereka, amayi ndiwo amandifunsa mafunso, ndipo ndikalakwa amandikalipira ngati ndaswa mbale. Kuofesi yolembetsa ndapitako kawiri. Ulendo woyamba mkulu woyeza anakana mabuleki, akuti timphira ta yakapalasa sitingaimitse injini ndi katundu. Ananenanso za nyali, hutala ndi galasi loonera kumbuyo. Zonsezo ndaikitsa. Anandichenjeza kuti ikangolembetsedwa ndisakaisinthenso mphamvu mwakabisira, ndikasintha ndiyenera kubwerera kukayezetsa.

Ulendo wachiwiri ndinapita nditanyada. Mabuleki anagwira, nyali inayaka, nambala ya injini inagwirizana ndi lisiti lako. Kenako mkulu uja anati tiigoneke njinga. Anagwada, anasuzumira pansi pomwe pamazungulira mapedulo, n'kufunsa kuti, "Mayi, nambala ya felemu ili kuti?" Ine kuyang'ana, pali chitsulo chowotcherera, chonyansa ngati chigamba cha pathalauza la kumunda. Ukudziwa mmene owotcherera athu amachitira: felemu ikang'aluka amangomatapo chitsulo, za nambala alibe nazo ntchito. Mkuluyo anati sangalembe nambala imene sakuiona, chifukwa njinga zobedwa nazonso zimabisidwa nambala chomwecho. Sindinamutsutse, amanena zoona.

Kunja kwa mpanda dobadoba wina ananditsatira. "Masiteni, musavutike, tingokhoma nambala ina pambali, mawa zonse zatheka." Ndinamuuza kuti njinga ya bambo anga sinabedwe, siyenda ndi nambala ya akuba.

Njira ndi imodzi: chigamba chija chidulidwe, nambala ioneke, mng'aluwo auwotcherere mwina. Ndikukupempha chifukwa njinga ndi yako. Yankha msanga. Mayi Zipora andiuza mosabisa kuti ku Chinsapo akudandaula kuti buledi wayambanso kuchedwa. Andipatsa mpaka kutha kwa Juni. Ndikapanda kuyenda ndi injini pofika nthawi imeneyo, maokala onse a bambo awapereka kwa wa njinga yamoto.

Mlongo wako,
Eneless

Kufamu, Limpopo
12 Meyi 2024

Achemwali,

Moni nonse. Ndikulemba mofulumira chifukwa a Ayman aima pang'ono chabe.

Thanki ndalolera. Mabuleki, nyali, galasi, zonsezo ndalolera ngakhale sindinafune. Koma chitsulo cha pansicho musachikhudze. Ndikupemphani, musachikhudze. Pa njinga yonseyo chimenecho ndicho changa. Ndidzakufotokozerani ndikapeza mpata wokhala pansi.

Golden

Kaliyeka
27 Meyi 2024

Golden,

Tilipo, sindikudziwa iwe. Kakalata kako kafika, mizere yake yosakwana n'chikhatho chomwe.

Wati chimenecho ndicho chako. Ndamva. Ndinkaganiza kuti matenda olimbirana katundu wa malemu ndi a mabanja ena, sindinkadziwa kuti alowa ndi kwathu komwe. Iwe ukufuna njinga yopachika kukhoma kuti uzidzaiyang'ana chaka chimene sitikuchidziwa. Ine ndikufuna njinga yoti amayi ndi ana adyerepo mawa. Ndinalingalira, ndinapemphera, kenako Loweruka ndinaikankha kupita nayo ku Biwi.

Ndachidula. Sindikubisa, ndipo sindinena kuti anandikakamiza munthu. Ndinaima pomwepo wowotcherera akuchipala ndi galainda, moto uli thethethe, ine mtima uli m'mwamba kuopa kuti apala ndi nambala yomwe. Chitachoka, anapukuta dzimbiri ndi sanza ya mafuta, ndipo nambala inaoneka yonse, yosafufutika ngakhale pamodzi. Mng'alu uja anauwotcherera cham'mbali, walimba kuposa kale. Ndinabwera kunyumba ndikuimba nyimbo.

Tsono seka, chifukwa chimene chatsatira ndi choseketsa. Mkulu woyeza analemba nambala ija, njinga yapambana mayeso. Laisensi nayo ndakhoza. Koma pawindo lomaliza anandifunsa umboni woti njinga ndi yanga. Lisiti la bambo linasowa kalekale, mwina ine ndisanabadwe. Anati ndibweretse kalata ya a buloku lida yochitira umboni. Ndinapita kwa a Herbert, a buloku lida athu, ndipo iwo anandikumbutsa kuti tsiku logawa katundu analipo, anamva ndi makutu awo dzina limene linatchulidwa. Akuti sangalembe kuti njinga ndi ya Eneless pokhapokha mwini wake atalemba ndi dzanja lake kuti wandipatsa, asainire, aikemo ndi kope la chitupa chake.

Ndiye ndi zimenezo. Ndakuphwanyira mawu ako, ndipo lero ndabwera kudzagwada kwa iwe yemweyo. Manyazi ndili nawo, koma sandiletsa kupempha. Ukakana, ndipalasabe mpaka Mayi Zipora adzandichotse okha.

Chitsulo chako sindinataye. Poti wati ndi chako, ndachikulunga m'nyuzi, chili m'envulopu momwemu.

Eneless

Kaliyeka
18 Juni 2024

Mwana wanga Golden,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Ine ndiliko bwino, kungoti kuzizira kwa chaka chino kwandilowa m'mafupa. Dzanja langa lazolowera kulemba maina a amayi a Mvano okha, ndiye upirire ndi zilembo zokhotazi.

Wangoti zii. Mlongo wako tsiku lililonse amadutsa kumene a Ayman amatsitsira katundu, n'kubwerako chimanjamanja. Iye sangakuuze, koma ine ndikuuza. Amadzuka kusanache, mphepo ya Juni ili m'maso, kupalasa makireti mpaka ku Chinsapo. Madzulo ndimamuthowa miyendo ndi madzi otentha monga ndinkachitira ndi bambo ako. Kainjini kali pakona, njinga inapambana mayeso, koma iye akuti saliza injini pamsewu nambala isanatuluke. Kuuma mutu kumeneku mukufanana nonse awiri, ndipo mukudziwa komwe munakutenga.

Analakwa kudula usanalole, ndipo ndinamuuza pamaso. Analakwanso kukutenga ngati wolimbirana katundu, chifukwa ine ndinakubala, ndikudziwa kuti suli choncho. Koma nawe tamvera. Ndinakhala ndi bambo ako zaka zonsezi, sindinaonepo njinga ija itapachikidwa. Ngakhale tsiku la Khirisimasi ankapeza chifukwa choitulutsira. Chitsulo chimene mukukanganiranacho iwo ankachitcha chigamba cha Golden. Akamatsuka njinga Loweruka ankachigogoda ndi chala n'kunena kuti, "Ichi n'chonyansa, koma ndidzachichotsa mwini wake akadzabwera." Chimene chinachitika tsiku limene chinaikidwa sanandiuze chonse, ankangoseka. Eneless sadziwa chilichonse, nthawi imeneyo anali ku banja ku Area 25.

Ngati wakwiya, kwiya, koma lemba. Ine ndataya kale mmodzi chaka chino.

Ndine mayi ako

Kufamu, Limpopo
6 Julayi 2024

Okondedwa amayi ndi achemwali,

Ndili moyo, ndili bwino, ndipo sindinangokhala chete dala. Lole ya a Ayman inafera ku Tete, inakhala kumeneko kudikira chitsulo. Kalata ya amayi inakawapeza komweko ndi lole ina, ndiye makalata anu onse awiri andipatsa dzulo limodzi. Nditaona madeti ndinadziwa kuti ndachedwa, chifukwa Juni watha.

Ndinayamba kutsegula envulopu yolemerayo. Chitsulo chitagwera m'manja mwanga ndinakwiya, achemwali, sindinama. Ndinatuluka panja osawerenga n'komwe. Kenako ndinachitembenuza, ndinaona mmene anachiwotcherera mothamanga, ndipo ndinayamba kuseka ndekha ngati wamisala, misozi ili chuchuchu.

Nkhani yake ndi iyi. Tsiku limene ndinkanyamuka, bambo anakana kuti ndikwere minibasi kupita kudepoti. Anati mwana wawo amuperekeza okha. Anamanga chikwama changa chachikulu chija pakaliyala, chodzaza ufa ndi nyemba zimene amayi munandikakamiza, ine n'kukhala pamwamba pake ngati thumba la makala. Titafika ku Biwi tinagwera m'dzenje, pansi panamveka kuti thwa! Felemu yang'aluka. Ine ndinati ndithamangire minibasi, iwo anati ayi. Anaikokera kwa wowotcherera, amene anatola chitsulo choyamba chimene anachiona pansi. Ine ndinagwira njinga, bambo anagwira chitsulocho ndi pulayala atatembenuza nkhope. Chisanazizire n'komwe tinakweranso. Bambo anapalasa ngati mnyamata, malaya onse thukuta, ndipo tinapeza basi italiza kale injini. Panalibe nthawi yotsanzikana. Anangondikankhira pakhomo la basi n'kunena kuti, "Pita, chigambachi udzalipira ukadzabwera." Mawu omaliza amene ndinawamva maso ndi maso ndi amenewo.

Ndinkaona ngati chikachoka pamenepo ndiye kuti tsiku lija lafufutika. Ndikanangokuuzani poyamba pomwe, koma ndinkalephera kuzilemba. Tsopano chili m'thumba la malaya anga, ndipo ndaona kuti ndili nacho pafupi kuposa chikanakhala kukhoma ku Kaliyeka.

Kalata imene a Herbert akufuna ndi imeneyi, ndasaina, kope la chitupa lilimo. Sindinalembe kuti ndakubwerekani. Ndalemba kuti ndakupatsani, ilembetsedwe m'dzina lanu. Ngati yafika mochedwa ndipo maokala apita, ndiuzeni zoona.

Ndine mwana wanu ndi mlongo wanu,
Golden

Kaliyeka
4 Ogasiti 2024

Wokondedwa Golden,

Tonse tili bwino. Amayi kalata yako aiwerenga katatu, kenako aiika m'Baibulo. Ine ndinaiwerenga kamodzi, ndinapita kuseri kwa nyumba, ndipo zimene ndinakachita kumeneko si nkhani yako. Mawu aja ndinakunenera a katundu wa malemu ndawabweza. Pepa, mlongo wanga.

Wati ndikuuze zoona. Chinsapo yapita. Juni atatha Mayi Zipora anapereka maokala akumeneko kwa wa njinga yamoto, ndipo sindiwaimba mlandu, anandidikira mokwanira. Koma Kawale ndi Area 23 anandisiyira. Akuti munthu amene wapalasa nyengo yonse yozizira osajomba ngakhale tsiku limodzi sangamulande zonse. Ku Chinsapo ndidzabwererako. Mayi wina wa okala kumeneko wanditumizira kale uthenga kuti mnyamatayo amafinya buledi ndi zingwe.

A Herbert analemba kalata yawo tsiku lomwelo. Kuofesi ndinaima pamzere kuyambira m'mawa, ndipo pamene ankandipatsa mapepala ndinawerenga dzina langa mokweza mpaka anthu anatembenuka. Inshulansi ndadula. Nambala ndinakaimangitsa ku Biwi, kumbuyo kwa kaliyala. Lachisanu mayi wapolisi uja anandiimitsanso pamalo omwe aja. Anazungulira njinga, anaona mapepala, anagogoda chipewa changa, n'kunena kuti, "Lero thobwa lanu lili ndi nambala. Pitani, mayi." Ndinaliza hutala mpaka iye anatseka makutu.

Tsono tamva. Bambo anati chigamba udzalipira ukadzabwera, ndipo poti njinga ndi yanga tsopano, wolandira ndine. Ndalama sindikufuna. Udzandiuze tsiku, ndidzakudikira kudepoti. Mapedulo aja unkati ndichotse alipo onse awiri. Injini tidzaizimitsa, chikwama chako tidzamanga pakaliyala, ine ndidzakhala pamwamba pake ngati thumba la makala. Iwe udzagwire mahandulo pomwe ankagwira bambo, udzatipalase mpaka ku Kaliyeka. Dzenje la ku Biwi lija likadalipo, udzalizembe.

Ndine mlongo wako,
Eneless